Chitedze pa Bwalo la Kudambo

Pakati pa Kawale ndi Biwi panali kabwalo kafumbi komwe tinkamenyerapo mpira wachikulunga. Ife a ku Kawale tinkati n'kathu, a ku Biwi nawonso ankati n'kawo. Ndili sitandade faifi, mkanganowu unasanduka nkhondo.

Poyamba tinkagendana ndi zibuma, ndipo ife tinkapambana chifukwa tinali ambiri. Koma Loweruka lina a ku Biwi anatulukira ndi malegeni a chubu cha galimoto. Ankatilasa ali kutali, zibuma zathu zikugwera panjira. Ine anandiboola pachipumi ndi gwafa wosapsa. Tinaliyatsa liwiro, mpira n'kuusiya pomwepo.

Anatiombola ndi msuweni wanga, mtsikana wa ku Mitundu amene ankakhala kwathu. Ataona chotupa changa anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Ana a m'tauni inu! Chitedze simuchidziwa?"

Atapita kumudzi pa holide, anabwera nacho m'jumbo yomanga kawiri. Tinapala ubweya wake ndi kamtengo, n'kuukulunga m'timapepala pamodzi ndi dothi louma.

"Mphepo izichokera kumsana kwanu," anatichenjeza. "Mukapanda kutero, mudzilasa nokha."

Tsiku la nkhondo litafika, tinabisala m'chimanga pafupi ndi bwalolo mpaka adani atafika pafupi, kenako tinaponya. Timapepala tinaphulika pamalaya awo. Mtsogoleri wawo, mnyamata wamtali wa sitandade seveni, anatola kamodzi.

"Mwayamba kutilembera makalata?"

Asanamalize kuseka, dzanja linapita kukhosi, linzake kukhwapa. Legeni imafuna manja awiri, ndipo onse awiri anali atapeza ntchito ina. Posakhalitsa gulu lonse linali kuvina popanda ng'oma, ena akuvula malaya uku akuthamangira kumtsinje. Tinatola malegeni asanu ndi awiri.

Dzuwa lisanalowe, amayi a mtsogoleri uja anafika pakhomo pathu atamugwira dzanja, thupi lonse atamupaka phulusa.

"Odi! Mayi a kuno, tatulukani muone zimene achita ana anu."

Amayi anatuluka, n'kumuyang'ana mnyamatayo, n'kutembenukira kwa ife. Msuweni wanga anavomera yekha asanafunsidwe. Amayi anapepesa atagwada, malegeni onse n'kuwaponya pambaula. Ife anatipatsa ndowa ndi matsache kuti tikathire madzi pabwalo n'kusesapo. Tinabwerako tikukanda kuposa adani athu.

Komabe a ku Biwi sanapondenso pabwalopo. Tinaseweramo tokha chilimwe chonse, mpaka bambo wina anabwera ndi zikhomo n'kuyamba kukumba maziko a nyumba.