Mpweya Wosadikira Machesi

Ntchito ya mu labu ndinaipeza kudzera mwa azakhali anga, omwe amagulitsa tomato pamsika wa Ntaja. Kasitomala wawo, a Twaibu, mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina komweko, ankafuna munthu wotsuka mabotolo ndi kukonza zipangizo. Ine, Esnati, ndinali ndi satifiketi ya Folomu 4 ndi matama osaneneka.

Panali phunziro limodzi limene a Twaibu ankalikonda kwambiri. Ankandituma mchenga woyera wa kwathu ku Rivirivi. Ndinkauumitsa pamoto, kuusakaniza ndi ufa wa maginiziyamu, n'kuutentha m'kachubu kagalasi mpaka ufiire. Ukazizira unkasanduka phulusa lakuda. Kuthira pang'ono m'kapu yagalasi ya asidi, pankatuluka mpweya wotchedwa saileni, ndipo ukangofika pamwamba unkayaka wokha, thu! thu!

"Mpweya wa m'ndowe umadikira machesi, chifukwa kaboni amagwira haidrojeni mwamphamvu," ankatero. "Koma silikoni wa mumchengamu amagwira molobodoka. Haidrojeni mmodzi akangothothoka, chotsalacho timati radiko, chimalumphira okosijeni, n'kuthotholanso anzake. Zonsezo zimatha musanaphethire. Ndiye pansonga ya kasupuni basi, a Esnati."

Lachisanu lina tinachedwa kuyamba. Nthawi ya swala itakwana, a Twaibu ananyamuka kupita ku mzikiti. "Mundidikire," anatero.

Ana otsala m'kalasi anayamba kundinyengerera. "Madamu, inunso mumatha, eti?" Ine mutu unakula. Ndinathira pansonga ya kasupuni, kamoto kanathetheka. Akumbuyo anakuwa kuti sakuona. Wina anati, "Aaa, mukuumira ngati ndiwo za pamaliro!" Kalasi yonse inaseka. Kwathu kunenedwa woumira n'chipongwe chachikulu, moti ndinapsa mtima. Ndinakhuthula phulusa lonse.

Phuu! Kapu inang'ambika, asidi anathovukira uku ndi uku. Asiyatu, mtsikana wa pabenchi yakutsogolo, anagwira kumaso akukuwa, "Maso anga! Maso anga!"

Ndinatsegula mpopi wa mu labu, koma munalibe ndi dontho lomwe. Ndinamukoka Asiyatu mpaka ku mjigo, ndinauza atsikana awiri kuti apope, ine n'kumugoneka chagada pansi pa madzi. Ankafinya maso, ankandikanda, koma ndinatsegula zikope zake ndi zala zanga. "Pepa mwanawe, usatseke," ndinkatero, inenso ndikulira. Mumtima ndinkangoti mwana wa eni ndamuchititsa khungu chifukwa choopa kusekedwa.

A Twaibu anafika akuthamanga, mkanjo ataukwinyira m'manja. Ndinkayembekeza kukalipiridwa. Iwo anangoti, "Musasiye. Popani." Patapita nthawi ndithu anamukweza pa kabaza kupita naye kuchipatala. Ine ndinabwerera mu labu kukatola magalasi.

Anabwerako dzuwa litapendeka. "Maso apulumuka," anatero. "Madzi aja ndi amene athandiza. Koma ndinati mundidikire." Ine ndinalakalaka akanandimenya mbama.

Ntchito sinathe, mpaka lero ndidakali mu labu. Ana akanditcha woumira ndimangovomera. Asiyatu anabwerera patatha masabata awiri, ali ndi kachipsera pansi pa diso lamanzere, n'kukhalanso pabenchi yomwe ija yakutsogolo. Nditatenga kasupuni anandiyang'ana ndi maso onse awiri.

"Madamu," anatero, "lero pansonga basi, eti?"