Ndinatola Nsomba Zoledzera N'kunama Kuti Ndawedza

Inu owerenga, nkhani iyi ndakhala nayo m'mimba zaka zitatu ndipo yandidya mokwanira. Ndinadyetsa mkazi wanga woyembekezera nsomba zimene mtima wanga unkadziwa bwinobwino kuti si zabwino, chifukwa chongoopa kusekedwa. Ndaganiza zoiulula kuti wina asadzapuse ngati mmene ndinapusira ine.

Ndine telala, ndimasoka pakhonde la golosale ina pakamsika ka cha ku Ludzi, kuno ku Mchinji. Likafika Loweruka anzanga amapita ku mpira, ena amakakhala pa bawo, koma ine changa chinali mbedza. Sindinkawedza kuti ndigulitse ayi. Ndi chizolowezi chimene ndinatengera kwa malemu amalume, ndipo ndikakhala pansi pa mtengo wa katope, nyongolotsi zili m'kachitini, ndinkaiwala makasitomala onse olongolola aja. Nsomba za m'mitsinje yathu ino ndimazidziwa, apa pokha sindinganame. Mlamba ndimauzindikira ndi kakokedwe kake usanatuluke n'komwe m'madzi. Matemba, mbaba, makumba, mphuta, nkholokolo yobaya ija, mungondionetsa ndikuuzani dzina lake, kumene imabisala ndi nyambo imene imakonda. Eni golosale, a Yusufu, ndiwo anandipatsa dzina loti Pulofesa. Iwo ankangocheza, koma ine dzinalo linandilowa m'mutu mpaka ndinayamba kuyenda modzimva.

Ine ndi mkazi wanga Nambewe tinakhala zaka zinayi opanda mphatso. Amene munadutsamo mukudziwa mmene anthu amakuyang'anirani pachitsime ngakhale kutchalitchi, makamaka ukakhala mkamwini ngati ine. Ndiye Nambewe atatenga pakati, banja lonse la kwawo linkamugwira ngati dzira. Apongozi anga aakazi anaika malamulo awo, ndipo lalikulu linali lakuti asadye mlamba, akuti mwana angadzabadwe wochucha dovu. Ine ndinkaseka chamumtima, koma ndi apongozi sulimbana nawo.

Pakati patakwana miyezi isanu ndi iwiri, Nambewe anagwidwa nkhuli ya makumba. Nyama ayi, mazira ayi, usipa wapamsika ankati ukununkha. Ankangoti, "Bambo, pakamwa panga pakufuna makumba a mumtsinje, othira tomato basi." Ine ndinadziguguda pachifuwa kuti zimenezo n'zazing'ono, wakwatiwa ndi Pulofesa.

Koma unali mwezi wa Okutobala. Mtsinje unali utaduka, kwangotsala maiwe apa ndi apo, ndipo makumba akamva kutentha kotero amangoyang'ana nyambo osaigwira. Loweruka loyamba ndinabwera ndi milamba iwiri. Lachiwiri lake, milambanso. Nambewe sanadandaule, anangondiphikira ine, iye n'kudyera nkhwani. A Yusufu ndiwo sanandisiye, anandifunsa pagulu ngati sukulu yanga ya upulofesa inali ya milamba yokhayokha. Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba. Inenso ndinaseka nawo modzikakamiza.

Loweruka lachitatu ndinalawirira. Ndinakhala padziwe la kumtunda mpaka dzuwa kufika pamutu, ndipo chimene ndinapha ndi kamlamba kamodzi kokha. Pobwerera ndinadzera njira ya kumadimba, kumene alimi amafesa nazale za fodya m'mbali mwa mtsinje kuti asamavutike kuthirira. Kumunsi kwa nazale ina kunali kadziwe kamene sindinkakawerengera n'komwe. Nditasuzumira, ndinaima chilili. Nsomba zinali mbwee pamwamba pa madzi, zina zikutsegula kukamwa ngati zikupempha mpweya, zina zikuzungulira chammbali ngati zaledzera. Munali matemba osawerengeka, ndi makumba aakulu ngati chikhatho changa, enieni amene ndinawasaka milungu itatu.

Pano ndiye pamene ndikufuna mundimvetse, owerenga, chifukwa sindinachite mosadziwa. Pamadzipo panali kamafuta konyezimira. Panali fungo ngati la m'sitolo yogulitsa mankhwala a mbewu. M'matope munali achule awiri atafa chagada, ndipo pagombe pankaoneka pamene munthu anakhazika sipuleya potsuka atatha kupopera nazale. Ndinatola kumba limodzi, silinandithawe. Nditatsegula makha, muja nsomba imapumiramo, m'malo mofiira psuu munali motuwa ndiponso monanda. Amalume anandiphunzitsa ndili wamng'ono kuti nsomba imene sikuthawa dzanja la munthu ndiziisiya pomwepo. Zonsezi ndinkazidziwa.

Koma mtima ukafuna chinthu umapeza zifukwa. Ndinadziuza kuti mwina anthu athiramo katupe, mankhwala achikuda aja amene amasinja n'kuledzeretsa nsomba, ndipo anthu amadya osadwala. Ndinadziuzanso kuti mwina ndi kutentha chabe, ndipo moto umapha chilichonse. Ndinasankha zimene zinali zikadaphiriphitha, makumba asanu ndi limodzi ndi matemba odzaza kajumbo. Kenako ndinachita chinthu chimene mpaka lero chimandichititsa manyazi kuposa zonse. Ndinakhala pansi, n'kutenga mbedza yanga, n'kuboola kukamwa kwa kumba lililonse, kuti aliyense woyang'ana aone bala la mbedza. Ndinazitunga paluzi n'kudzera dala pamsika. A Yusufu anaomba m'manja nati Pulofesa wabwerera pampando wake.

Kunyumba Nambewe anachita kuvina, mimba ili patsogolo. Makumba anawatumbula, koma matemba mukudziwa kuti timaphika osatumbula. Kamlamba kaja anandiphikira mukapoto kena monga mwa masiku onse. Titakhala pansi kudya chamasana, anandikankhira mbale yake kuti ndilaweko zipatso za thukuta langa. Ine ndinaibweza, ndinati, "Idyani inu, pajatu ndinu awiri." Anamwetulira, anaona ngati ndi chikondi. Ndikadzifunsa moona mtima, mwina theka linali chikondi, koma theka linalo ndinkaziopa nsombazo. Ine ndinadya mlamba wa padziwe la kumtunda, umene ndinawedza ndi mbedza zenizeni.

Sipanathe ola. Anayamba kudandaula kuti m'mimba mukupota ndipo sakuona bwino. Kenako kusanza, thukuta kamukamu, dovu likungochucha osaleka. Apongozi atathamangira n'kuona dovulo, anaiwala zoti ine ndi iwo sitiyankhulana maso ndi maso. Anandiloza chala nati, "Mwamudyetsa mlamba mwana wanga!" Ndinalumbira kuti sanaulawe n'komwe. Zinali zoona, ndipo ine ndinabisala kuseri kwa zoonazo.

Tinamukweza pakabaza wa njinga yamoto, ine nditamugwirira kumbuyo, mpaka kuchipatala. Adokotala atamuyeza anandifunsa chimene wadya. Ndinati nsomba. Anafunsa kuti zochokera kuti, ndinati ndawedza ndekha ndi mbedza m'mawa womwewo. Anamuyang'ana m'maso ndi katochi kawiri konse, n'kutembenukira kwa ine, kundifunsa ngati kunyumba kwathu kuli mankhwala opopera fodya kapena chimanga, kapena ngati mayiyu anapita kudimba. Apongozi anali ataima pambali panga. Ndinayankha kuti ine ndine telala, za mankhwala a mbewu sindizidziwa. Abale anga, munthu akufunsa kuti apulumutse mkazi wanga ndi mwana wanga, ine ndikuteteza dzina loti Pulofesa!

Anamuika diripi n'kuyamba kufufuza malungo ndi matenda ena a amayi oyembekezera, poti ine ndinali nditawatsekera njira. Ndinakhala pabenchi panja pafupifupi maola awiri, ndikupemphera kuti zingosiya zokha kuti bodza langa lisaululike. Sizinasiye. Apongozi anatuluka akulira kuti mwana wawo akubanika ndipo manja akunjenjemera. Apo m'pamene ndinalowa n'kuwauza adokotala zonse, za kadziwe, za fungo, za sipuleya. Sanandikalipire. Anangondiyang'ana kamodzi, n'kuitana anamwino mofuula kuti abweretse jakisoni wina msanga. Kukalipiridwa kukanandipepukira kusiyana ndi diso limene lija.

Nambewe anapulumuka, ndipo achipatala aja ndimawathokoza mpaka lero. Koma m'mawa mwake adokotala atamvetsera pamimba, mtima wa mwana sunkamvekanso. Ndinawafunsa adokotala ngati mwanayo akanakhala moyo ndikananena zoona pofika pomwe. Anati sangandinamize, iwonso sakudziwa. Yankho limenelo ndi limene limandisowetsa mtendere, chifukwa silinditsutsa komanso silindimasula.

Mwambo wathu mukuudziwa. Mwana wobadwa atafa kale ndi mtayo, amakaika amayi okhaokha, popanda kulira, ndipo mwamuna sapitako. Ine ndinatsala pakhonde ndikuona amayi anayi akutuluka m'mudzi mwakachetechete ndi kansalu. Nkhope ya mwana wanga sindinaione, ndipo pamene anagona sindipadziwa. Apongozi anangotumiza mawu kudzera kwa mlamu wanga kuti anali wamkazi.

Akuchikazi anakhala pansi n'kugwirizana kuti ndilongedze makina anga ndizipita kwathu. Sindikanawadandaula. Amene anakana ndi Nambewe yemweyo, akadali wofooka pamphasa, anati ukwati ndi wake ndipo adzaweruza yekha. A Yusufu atamva anabwera kudzapepesa, akuti mwina nthabwala zawo ndi zimene zinandikankha. Ndinawauza kuti iwo sanatole nsomba, ndinatola ndine. Mwini nazale uja anthu anamuyankhula, ndipo pano amatsukira sipuleya yake kutali ndi madzi. Iyenso analakwa, koma iye sankadziwa kuti kumunsi kudutsa munthu. Ine ndinkadziwa chimene ndanyamula.

Tsono inu okonda mbedza anzanga, ndikupempheni. Mukaona nsomba zikuyandama kapena zikuzungulira ngati zaledzera, makamaka nyengo ino ya nazale, musatole ngakhale zitanona chotani, ndipo chenjezani ena kuti ana asakatole. Kuphika sikuchotsa mankhwala amenewa. Inu alimi, sipuleya ndi mabotolo musatsukire mumtsinje, madzi omwewo akumwa anzanu kumunsi. Ndipo ngati zavuta mwafika kuchipatala, nenani zoona pa funso loyamba lomwelo, ngakhale apongozi ataima pomwepo. Manyazi amatha pakapita masiku, koma maola awiri amene ndinataya pabenchi paja palibe amene angandibwezere.

Ine ndi Nambewe tikadali limodzi. Mphatso ina sinabwere mpaka pano, tikudikirabe. Adokotala anali atamuuza kale za mankhwala, koma zoboola nsomba kukamwa ndinamuululira ndekha patatha miyezi iwiri, tili awiri kuseri kwa nyumba iye akusenda mtedza. Ndinkayembekeza kuti anditukwana kapena kundiponyera lichero. Anaika lichero pansi, kenako anati, "Mukanangobwera chimanjamanja, bambo. Ndikanakusekani pang'ono basi, n'kudyera nkhwani. Bwenzi pano mwana wathu akuyamwa."