Envelopu ya Laisensi Imene Ndinaikaniza

Ndivomere poyambirira pomwe kuti wolakwa ndinali ine. Ndinaganizira munthu wosalakwa kuti ndi wakuba, ndipo chifukwa cha ine alimi anzanga anagulitsa mbewu yawo ngati soya wamba. Inu owerenga, makamaka amene mumasunga makiyi a m'maofesi, imvani zimene zinandichitikira.

Ndine mlembi wa kopaletivi ya alimi ochulukitsa mbewu ya soya kufupi ndi Malomo, ku Ntchisi. Kwathu amandidziwa kuti ndine mayi wosapusitsika. Uthenga wa pafoni wonena kuti ndawina mphoto ndimaufufuta ndisanamalize n'kuwerenga komwe, ndipo venda akabwera ndi sikelo yake ndimayamba ndayezapo paketi ya shuga. Khalidwe limeneli ndinkalinyadira kwambiri.

Chuma chenicheni cha kopaletivi yathu ndi kaundula. Mmenemo mumalembedwa dzina la mlimi aliyense, munda wake, mbewu imene analandira ndi masiku amene alangizi anayendera mundawo. Kampani yogula mbewu ikapanda kuona zimenezi, soya wanu, ngakhale akongole bwanji, amakathera kwa mavenda. Mabuku tinasiya kalekale. Bungwe lina limene linkatithandiza linaika kaundulayu pa kompyuta yobwereka ya pa intaneti, zimene odziwa amati kilaudi. Bungwelo litachoka, lendi ya mwezi ndi mwezi inatsalira ife, ndipo kwacha itachepa mphamvu inayamba kutilemera. Komiti inagamula kuti lendiyo ikapanda kutsika, titseke basi.

Amene ankatisamalira makompyuta anali a Baraka, bambo wa ku Dzaleka, wofatsa, wolankhula Chichewa chabwino kuposa ana ena a m'tauni. Ankabwera pa minibasi, kwinako n'kumalizira pa kabaza. Tsiku lina m'mwezi wa Meyi anandifotokozera kuti lendi yathu inali ndi mbali ziwiri: ya kompyutayo, ndi ya laisensi ya pulogalamu imene imaiyendetsa. Anati bungwe lija linatigulira kale laisensi yotereyo, ndiye tinkalipira chinthu chimodzi kawiri. Poona kuti sindikumvetsa, anati zili ngati kubwereka ngolo pamodzi ndi ng'ombe zake pamene ng'ombe zako zikungogona m'khola. Chimene ankafuna chinali kuona mapepala a laisensiyo, kuti adziwe ngati imaloledwa kusamutsidwa kupita pa kilaudi komanso ngati nthawi yake isanathe.

Mapepalawo ndinkawadziwa. Anali mu envelopu ya khaki mu kabati, ndipo mzungu wa bungwe lija pochoka anandipatsa m'manja n'kunena kuti ndiisamale. Ine ndinaisamaladi ngati mapepala a malo. Kwa zaka zonsezo sindinaitsegulepo.

A Baraka akulankhula, mtima wanga unali kale kwina. Ndinadzifunsa kuti munthu wolipidwa pa ulendo uliwonse angavutikire chiyani kutipulumutsira ndalama zimene sadyako. Ndinaona foni yawo ili pa tebulo, ndipo ndinaganiza kuti akangojambula manambala a laisensiyo akagulitsa kwa ena, ife n'kutsala ndi pepala lopanda kanthu. Ndinene zoona, chinawonjezera n'chakuti anali wa ku Dzaleka. Akanakhala mwana wa mkulu wa mpingo wathu, ndikanatsegula kabati tsiku lomwelo. Zimenezi zimandichititsa manyazi mpaka lero.

Ndinawanamiza kuti kiyi ndamuiwala kunyumba. Sabata yotsatira ndinati wapita ndi bambo a kwathu ku maliro, ngati kuti bambo a kwathu amayenda ndi makiyi a kopaletivi. Ulendo wachitatu anandiyang'ana n'kunena modekha kuti, "Mayi, zinthu zimenezi zimakhala ndi nthawi yake. Chonde tisachedwe." Ine ndinangoti mumtima, wakuba aliyense amafulumira.

Ndinapita kwa a Mbewe, apampando athu, n'kuwauza kuti munthuyu akuzungulirazungulira kabati ndipo sindikumumvetsa. A Mbewe anandifunsa ngati ndinamugwirapo ndi kanthu. Ndinati ayi, koma maso anga sanandinamizepo. Iwo za makompyuta sadziwa, ndipo ine amandikhulupirira, choncho komiti inauza a Baraka kuti asamabwerenso. Sindinalekere pomwepo. Ndinakamba nkhaniyi kwa amayi anzanga tikuweruka kutchalitchi, ndipo mmodzi mwa iwo mwamuna wake ndi mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina imene a Baraka ankaisamalira makompyuta.

Lendi sinatsike, ndipo kilaudi ija tinatseka. Kaundula tinamukopera mu kompyuta yakale ya mu ofesi. Anthu a kilaudi anatichenjeza kuti pakapita masiku adzafufuta zonse kumbali yawo, koma ine ndinkakondwera kuti tsopano zinthu zathu zili pamene ndingazione ndi maso. Nyengo yonse ya dzinja alangizi ankalemba mmenemo. Wotikumbutsa kusunga kope lina padera panalibe, chifukwa anali a Baraka amene ankachita zimenezo.

M'mwezi wa Febuluwale, masana ndithu, mphezi inawomba pa pholo la magetsi pafupi ndi ofesi. Kompyuta inanunkha ngati tayala lopsa ndipo sinayakenso. Tinaitanitsa katswiri wa ku Lilongwe, amene anafika patapita masiku chifukwa cha matope. Anayesa zonse koma sanapulumutse kanthu. Atafunsa chifukwa chimene tinachokera pa kilaudi, a Mbewe anafotokoza, ndipo katswiriyo anapempha kuona envelopu ija. Iyeyu ndinamupatsa osafunsa n'komwe dzina la bambo ake, poti anabwera pa galimoto.

Anawerenga kwa kanthawi n'kupukusa mutu. Anati laisensiyo inali yololedwa kusamutsidwa, ndipo lendi ikanatsika kwambiri. Koma chilolezo chosamutsira chinkafunika kuwonjezeredwa nthawi, ndipo chinatha kumapeto kwa Juni, patangopita masabata ochepa kuchokera pamene a Baraka anandipempha komaliza. Ndinafunsa mwamanyazi ngati munthu angabe manambalawo. Anaseka, n'kunena kuti analembetsedwa m'dzina la kopaletivi, ndipo wina atawajambula sangapite nawo patali.

Pokolola, kampani inakana mbewu yathu chifukwa panalibe umboni woti minda inayenderedwa. Ndinaima pakhonde la ofesi kuonerera alimi amene anasamala minda yawo nyengo yonse akukweza matumba pa njinga kupita kwa mavenda. Palibe anandinyoza. Ena ankandipepesa chifukwa cha mphezi, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kutukwanidwa.

Ndinakwera minibasi kupita ku Dzaleka. Ndinawapeza a Baraka m'kashopu kawo akukonza mafoni. Sukulu ziwiri zimene ankazithandiza zinali zitawasiya, ndipo ndinadziwa kumene mawu owaipitsawo anachokera. Nditapepesa, anandipatsa mpando n'kunena kuti, "Mayi, mukanangoigwira nokha envelopuyo, ine n'kumawerenga muli pomwepo. Sindinkafuna kupita nayo kulikonse."

Inu owerenga, sindikuti muzikhulupirira aliyense. Akuba alipo, ndipo si laisensi iliyonse imene imasamutsidwa. Koma ngati mukukayika, funsani wina wodziwa, musangotseka kabati n'kuyamba kuipitsa dzina la munthu. Tsegulani mapepala amene munasiyiridwa, muone zimene akunena ndi tsiku limene akutha. Akuluakulu anati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa, koma ine wanga ndinamuthamangitsa. Ndinaimirira pamaso pa komiti ndi pamaso pa amayi aja n'kubweza mawu anga, komabe sukulu zija zinali zitapeza kale munthu wina. Envelopu ija ikadali mu kabati, yosang'ambika ngakhale pakona, ndipo palibenso amene amaifuna.