Kamunda ka Pansi pa Mtengo wa Mango

Ndikukumbukira chaka chimene msuweni wanga Veronika anabwera kudzakhala kwathu ku Liwaladzi, dziko lino likadali m'manja mwa azungu. Anali mwana wa azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, amene anakwatiwa ku chilumba cha Likoma. Azakhaliwo atamwalira, bambo anakwera sitima ya mishoni kukamutenga, poti bambo ake anali atatchona ku Joni. Veronika anafika wowonda, wamanyazi, atakumbatira kamtolo ka nsanza. Ine ndinkati muli mikanda. Atamasula, munali timizu tonyala ta koko ndi ta chikasu, tokumba kuseri kwa nyumba ya malemu amake.

Kufikira nthawi imeneyo mwana wamkazi pakhomo ndinali ine ndekha. Bambo anali mphunzitsi wa sukulu ya mishoni, ndipo akaweruka ankakhala pakhonde, ine n'kuwavula nsapato, n'kumawauza zonse za tsikulo, zoona ndi zowonjezera. Malo amenewo sindinkafuna kugawana ndi munthu.

Tsiku lina bambo anadula pawiri malo a kuseri kwa nyumba kuti aliyense wa ife akhale ndi kamunda kake. "Luse, sankha ndiwe," anatero. Sindinachedwe. Ndinatenga mbali ya poyera, yowala dzuwa tsiku lonse, Veronika n'kumusiyira pansi pa mtengo waukulu wa mango, pamene nkhuku zinkasamba fumbi ndipo madzi a kubafa ankadikha. Ndinamumvera chisoni pang'ono, koma mumtima ndinkavina.

Ine ndinadzala matimati ndi mpiru, mbewu za kusukulu, m'mizere yowongoka ndi chingwe monga ankatiphunzitsira adona a ku mishoni. Veronika analibe chingwe. Anangokumba timaenje motsatira kanjira ka madzi a kubafa aja, n'kukwirira timizu take, n'kuphimba ndi masamba owola. Anati kwawo kuchilumba nthaka ndi miyala yokhayokha, mvula ndi yochepa, choncho amake ankabisa mbewu zotere pamthunzi pamene pamatayidwa madzi.

Kenaka linabwera dzuwa la Okutobala, lija lotentha mchenga mpaka munthu kuyenda chodumphadumpha. Ndinkatunga madzi kunyanja mpaka khosi kuuma, koma pofika masana matimati anga anali atagwetsa mitu, mpiru utapsa m'mbali. Kwa mnzanga zinali zina. Koko anatulutsa masamba aakulu ngati malichero, ndipo madontho a madzi ankagubuduka pamwamba pake osanyowetsa. Chikasu chinaphuka mogwirana, chobiriwira, ndipo ukapikitsa tsamba lake fungo limakhala m'zala mpaka madzulo.

Zimenezo ndikanapirira. Chimene chinandiwawa n'chakuti bambo anachotsa mpando wawo pakhonde n'kukauika pansi pa mangowo. Akaweruka ankapita komweko, nsapato n'kuvula okha, n'kumayang'ana Veronika akupalira. Sankalankhula zambiri awiriwo. Ine ndili pa dzuwa ndi chidebe changa, thukuta lili kamukamu, ndinkangowayang'ana. Ndinkachita nsanje yoti ngakhale chakudya sichinkatsika.

Ndinaganiza kuti nkhani yonse ndi mthunzi. Chaka chotsatira ndinalira, ndinanyanyala kudya, mpaka amayi anatopa nane. "Apatseni mthunzi wawowo akaziwa, tipumeko," anauza bambo. Veronika sanatsutse. Anakumba mizu yake mwakachetechete n'kusamukira ku mchenga wanga uja.

Ndinadzala matimati anga pansi pa mango, mizere ili nga nga nga, n'kusesa bwino pamene pankakhala mpando. Anamera msanga, ndipo ndinkayenda monyada. Koma anangotalika ngati ulusi, otumbululuka, kupendekera kumene kunali kuwala. Maluwa ankayoyoka, ndipo mvula itayamba masamba anachita mawanga akuda n'kuwola. Sindinathyolepo ngakhale limodzi lothira mu usipa.

Bambo nawo pansi pa mango sanabwerenso. Ndinawapeza Loweruka lina ali pa dzuwa, atavula malaya, akuzika mitengo ndi kufolera udzu kuti koko wa Veronika akhale ndi kachisakasa. M'mbali anadzalamo ana a nthochi kuti adzapereke mthunzi m'tsogolo. Munthu amene sankagwira khasu poopa kudetsa kabudula woyera wa kusukulu anali matope mpaka m'mawondo, akuseka. Ine ndinakhala ndekha pamthunzi wanga wonse uja, udzudzu ukundidya, n'kulira mosatulutsa mawu.

Funso limene linali mumtima mwanga ndinalisunga mpaka nditakwatiwa, bambo atakalamba, maso atayamba kuchita khungu. Ndinawafunsa ngati nthabwala chifukwa chimene anathawira mthunzi nditangoulandira ine.

"Mwana wanga, iwe ukalira unkathamangira kwa amako," anatero. "Uja akafuna kulira ankapita kukathirira koko wa amake. Nanga ine atsibweni ake ndikanakakhala kuti?"

Masiku ano mbewu zimagulitsidwa m'timapepala ta pulasitiki m'mbali mwa msewu, ndipo wogulitsa amakuuziratu kuti iyi ndi ya pamthunzi, iyi ya padzuwa, iyi imafuna kozizira kumapiri. Ana a masiku ano sangalakwitse monga ndinalakwitsira ine. Veronika ndi agogo tsopano, ali ku Chia, ndipo koko wa amake uja wadzaza kuseri kwa nyumba yake pansi pa nthochi. Ndikapita kukamuona amandiphikira, ndipo amaphika bwino kwambiri. Zimene ananena bambo ndinazimvetsa, ndipo ndikudziwa kuti sanalakwe. Koma ndikangoluma koko ameneyo, amandiyabwabe pakhosi.