Apongozi Anga ndi Galimoto Yopanda Kilatchi

Kanema wa m'sitolo mwanga ndinamugula patapita zaka zingapo chiyambireni zipani zambiri, nthawi imene aliyense pa boma la Chitipa anali ndi maganizo pa chilichonse ndipo sankaopanso kuwanena. Ine ndinachokera kumwera kudzagulitsa sopo, mchere ndi zitenje za ku Tanzania, n'kukwatira konko. Mbale ya setilaiti ndinaikhoma padenga kuti anthu azidzaonera mpira, koma Lamulungu masana, tikaweruka kutchalitchi, kunkaoneka mpikisano wa magalimoto a azungu, aja afupiafupi olira ngati mavu.

Amene sankaphonya anali apongozi anga aamuna. Iwowa anakalambira pa chiwongolero cha lole, kututa khofi ku Misuku. Ali mnyamata anakhalapo pambali pa mzungu wina wothamangitsa galimoto m'misewu ya fumbi ku Tanzania, ntchito yawo ili kumuuza kokhota ndi kukankha akatitimira. Mpikisanowo sanaumalize, koma nkhani yake inkanenepa chaka ndi chaka.

Ine ankanditchula kuti mkweni, ndiye kuti mkamwini mwa Chitumbuka. "Mkweni, taonani," ankatero akuloza kanema ndi ndodo. "Msewu wosalala, wopanda mbuzi, wopanda dzenje. Munthu akungozungulira malo amodzi ngati nkhuku yodwala chitopa. Tayala limodzi amuna atatu! Ine ku Mughese ndinasintha tayala ndekha, mvula ikugwa, lole itadzaza."

"Koma liwiro lake, adada, simungalithe," ndinayesa kuwatsutsa tsiku lina.

"Ndipatseni kagalimoto kameneko mawa. Anawa adzaona fumbi langa lokha."

Madalaivala anzawo opuma ntchito, amene ankakhala pa benchi yomweyo, ankavomera onse kuti ana a masiku ano sayendetsa galimoto, galimoto ndiyo imayendetsa iwo.

Mpata wosonyeza luso unadza pa kampeni. Bambo wina wofuna uphungu anabwera kuchokera ku Lilongwe ndi galimoto yatsopano yonyezimira, yosintha yokha magiya. Dalaivala wake anagwidwa ndi malungo tsiku la msonkhano wa ku Misuku, ndipo anthu anamulozera bwanayo kwa apongozi anga. Ine ndinakwera nawo chifukwa mkazi wanga anati, "Pitani mukawayang'anire." Ndinakhala kumbuyo, pambali pa mitolo ya nsalu za chipani.

Apongozi analowa atavala jekete yawo ya kutchalitchi. Anasuzumira pansi n'kuwerenga zopondera. Zinali ziwiri.

"Kilatchi anaba ndani?"

Bwanayo anafotokoza kuti galimotoyi siifuna kilatchi. Apongozi anagwedeza mutu ngati amva za munthu wobadwa wopanda chiwindi. Kenako kabelu kanayamba kulira chifukwa sanamange lamba. Anakayang'ana, kosaoneka. "Chete iwe," anatero. Kabelu kanapitiriza mpaka anagonja.

Tinanyamuka bwino. Koma tisanafike n'komwe ku Lufita, phazi lawo lamanzere linakumbuka ntchito yake yakale, n'kuponda buleki ndi mphamvu yonse ya lole. Bwana anagunda chipumi pagalasi, ine ndinakwiririka ndi nsalu za chipani. Zinachitikanso kawiri. Pamenepo apongozi anaganiza zoyenda mwaulemu, moti mnyamata wina wa njinga, atanyamula thumba la chimanga, anatipitirira akutiwezera dzanja.

"Madala, msonkhano ndi wa lero," anatero bwana akusisita chotupa.

"Pole pole, bwana, pang'onopang'ono. Ndikuiphunzira khalidwe lake."

Titayamba kukwera mapiri, mvula inatipeza. Msewu unasanduka phala lofiira, mbali ina phiri, mbali ina phompho la nthochi ndi khofi. Bwana anagwira mpando ndi manja onse awiri. Apa ndiye ndinaona apongozi atasanduka munthu wina. Apongozi anapinda phazi lamanzere pansi pa mpando kuti lisawasokoneze, anatsitsa galasi kuti azimva matayala, ndipo chiwongolero ankachigwira ndi zala zokha. Galimoto ikaterera chammbali, iwo ankailola pang'ono, n'kuibweza ngati akunyengerera ng'ombe. Ankadziwa mwala uliwonse. Ankaimba nyimbo ya kwaya chapansipansi.

Pa chitunda china tinapeza pikapu itatitimira mpaka m'mimba, dalaivala wake wachinyamata akungoponda moto, matope ali kuwaza. Pambali panaima amayi asanu ndi mmodzi, atanyowa, atavala nsalu za chipani china. Apongozi anaima.

"Monire, amama! Kwerani."

"Amenewa si athu!" anakuwa bwana.

"Pamsewu wa Misuku sitisiya munthu pamvula. Lamulo limenelo ndinalipeza, ndipo chipani chanu chinalipeza."

Amayiwo anathokoza kuti yewo, nadzipanikiza kumbuyo, wina pamiyendo panga. Atafundidwa pang'ono anayamba kuimba, ndipo nyimbo zimene ankazidziwa zinali za chipani chawo. Tinalowa pabwalo la msonkhano chotero: hutala akulira, bwana ali ndi chotupa pachipumi, m'mawindo mukutuluka nyimbo yonyoza chipani chake. Anthu ena anaombera m'manja poganiza kuti amayiwo atembenuka mtima. Ena anaganiza kuti watembenuka ndi bwanayo.

Asanakwere pansanja, bwana anatenga makiyi n'kunena kuti pobwerera ayendetsa yekha. Ife tinagona kwa msuweni wa apongozi, ndipo m'mawa mwake tinakwera lole ya khofi. Tinamupeza bwana pa chitunda chomwe chija, galimoto yake itatsamira m'ngalande, amuna a m'mudzi akukambirana ngati ayikankhe kapena ayambe afunsa kuti ndi wa chipani chanji. Apongozi anatsika, anavula jekete n'kundipatsa, ndipo anakankha nawo. Chaka chimenecho bwanayo sanapambane.