Manachesi a bambo ndi mbuzi zobwereka

Kwathu ku Matandani, kuseri kwa nyumba ya amayi, kunali mitengo ya manachesi imene malemu bambo anabzala. Khola la mbuzi linali pakati pake. Manyowa ankagwera pomwepo, masamba n'kumawolerana, ndipo amayi ankadya ndi kuvala kuchokera m'mitengo imeneyi.

Ndiye kunabwera nkhani yoti minda igawidwe: kuno kolima, uko koweta, kwinako kofikira alendo odzaona ulimi. Posankha komiti, mlamu wanga, mwamuna wa achemwali, anadziponyamo ngati ntchentche mumkaka. Munthu woti anabwera pachikamwini ndi kachikwama kokha, khasu amaligwira ngati likuwotcha, lero eti katswiri wokopa alendo!

Anafika ndi chingwe ndi zikhomo. Manachesi onse anagwera gawo la alendo, kumene lamulo lawo linati ziweto zisayandikire chifukwa cha fungo. Khola analiphwasula, mbuzi n'kugulitsa poti kunalibe koziika. Pansi pa mitengo ankasesapo m'mawa uliwonse mpaka mbee ngati bwalo la sukulu, mathunthu atawapaka laimu.

Amayi zinkawapweteka, koma mpongozi sakalipira mkamwini pamaso. Ankatuma achemwali, ndipo mawuwo ankakafika kwa mwamunayo atathiridwa kale shuga. Ine ndinamuuza poyera kuti mkamwini asamakule mwendo. Anandiyankha kuti sindidziwa chitukuko.

Masamba anayamba chikasu. Mitengo inkangobereka tizipatso touma m'kati ngati thonje. Alendo akewo, zii. Dzinja linadutsa, linanso n'kudutsa.

Tsiku limene galimoto inatulukira, munatsika anthu a ku Blantyre ndi ana awo, mafoni ali m'manja. Mayi wina anayang'ana bwalo losesedwa bwinolo n'kufunsa, “Nanga ziweto zili kuti? Anawa abwera kudzaona mbuzi.” Ndinamuona ndi maso angawa mlamu akuthamanga, tayi ikuuluka, kukabwereka mbuzi kwa aneba. Manachesi amene anapatsa alendowo anali ogula pa Boma. Alendowo sanabwerenso. Mlamuyo ndi chitsiru cha munthu, ndipo ndimamunyoza mpaka lero.

Mitengo ija itauma tinaidula chilimwe chathachi. Achemwali atasenza nkhuni zake kulowera kukhitchini, amayi anawaimitsa pakhomo.

“Zimenezo kawaphikireni amuna anu. Ine sindingasonkhezere moto thukuta la abambo anu.”