Mkono Umene a Sedhom Anapereka

A Sedhom Fanous amasita zovala m'kamsewu ka kuseri kwa msika wa ku Abu Tig. Anthu amati asita kwa zaka makumi anayi, koma akazi awo, mayi Ansaf, amene sataya chaka ngakhale chimodzi, amati ndi makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, chifukwa zaka ziwiri zoyambazo ankangokolezera moto abambo awo. Kachipinda kawo kogwiriramo ntchito n'kopanikiza. Muli tebulo loyala bulangete, chitofu cha gasi chotenthetsera simbi ziwiri zachitsulo, chithunzi cha Maria Virigo chimene nthunzi inachifwifwitsa, ndi chingwe chopachikapo mikanjo yodikira eni ake.

A Sedhom ndi amanzere. Aphunzitsi anayesa kuwongola zimenezi ndi ndodo, ndodo n'kuthyoka. Abambo awo nawonso anayesa, koma tsiku lina ataona mmene dzanja lamanzerelo linagonekera khola la shati, anangoti, "Musiyeni, Mulungu anamuika chala kumeneko." Simbi imene amagwiritsa ntchito imalemera makilo asanu, ndipo mkono wamanzerewo unakula kuposa unzake moti telala amachita kuuyeza pawokha.

Matenda a shuga anawapeza zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo. Iwo amawatchula kuti mlamu wawo. "Anabwera kudzacheza tsiku limodzi," amatero, "mpaka lero sanatsanzike, ndipo m'mbale amayamba ndiye kupisa." Mlamuyo anawalanda shuga wa mu tiyi, kenako tchizi chamchere chija chimene ankachikonda, kenako anayamba kufooketsa impso. Adokotala atawauza kuti madzi azimwa moyeza, a Sedhom anaseka mpaka kutsokomola. Pantchito yawo munthu amadzaza madzi m'kamwa n'kuwapemerera pa nsalu kuti ifewe. "Ine madzi ndakhala ndikuwalavula moyo wanga wonse," anatero. "Apa mwandipatsa lamulo losavuta."

Lolemba lina mu Okutobala anakwera minibasi kupita ku chipatala cha ku Asyut, kukamva zotsatira za magazi. Adokotala Nagwa, mayi wamng'ono thupi wolankhula mosazungulira, anayang'ana pepala nthawi yaitali kuposa masiku onse.

"Amalume Sedhom, impso zija zatopa. Pakutha pa miyezi iwiri kapena itatu mudzafunika makina osefa magazi, katatu pa sabata."

"Kwa nthawi yaitali bwanji, adokotala?"

"Kwa moyo wonse."

A Sedhom anaona kuti chovala choyera cha adokotalawo chinali ndi makwinya paphewa, ndipo anadabwa kuti pa nthawi ngati imeneyo maso awo anali pa makwinya. Adokotala anafotokoza kuti makinawo asanayambe, pafunika opaleshoni yaing'ono pamkono, pafupi ndi dzanja, yolumikiza mitsempha iwiri kuti ikule, singano zizilowa bwino. Mkono umenewo sudzanyamulanso cholemera. Mitsemphayo imatenga masabata asanu ndi limodzi kuti ikhwime, choncho panalibe nthawi yotaya.

"Tipanga kumanzere, monga mwa nthawi zonse."

"Kumanzere ndiye kumene ndimadyera."

"Ndinu amanzere? Ndiye bweretsani wamanjawo."

A Sedhom anapinda malaya n'kuutembenuza mkonowo. Pamenepo, chakumbali ya chala chachikulu, panali kamtanda kobiriwira kodinda pakhungu, monga ali nako Akhristu onse a kumeneko. Adokotala anaika chala pomwepo.

"Mpeni udutsa apa."

"Pamtandapo?"

"Mtsempha wabwino uli pansi pake. Anthu ambiri mtanda wawo umakhala pakati, sitiukhudza. Wanuwu anaudinda chakumbali."

"Nanga m'mwambamu, pachigongono?"

"Pamenepo tikusungira mtsogolo, apa pakadzatopa. Bwerani pa 24, mudzandiuze mkono umene mwasankha."

Mtandawo unakhalira kumbali pa chifukwa chodziwika. A Sedhom ali ndi zaka zisanu, amayi awo, malemu mayi Tafida, anawabereka kukwera nawo phiri la Dronka pa chikondwerero cha Maria mu Ogasiti, n'kuwakhazika pamaso pa munthu wodinda mitanda. Mwanayo ataona singano anaphiriphitha ngati nsomba, mtanda n'kutsetserekera kumbali. Patapita zaka zinayi amayiwo anamwalira. Sanasiye chithunzi, sanasiye mphete. Chimene anasiya ndi kamtandako basi.

A Sedhom atafika kunyumba kuchokera ku chipatala anapeza mayi Ansaf akuduladula denje pathabwa. Anawauza zonse, osabisa kanthu. Mayi Ansaf anapita kukhitchini, anatsegula mpopi kwambiri kuti kulira kwawo kusamveke, kenako anabwerako maso ali psuu n'kufunsa ngati akufuna mpunga kapena buledi.

"Ndasankha kale," anatero a Sedhom. "Ndipereka wamanzere."

"Nanga azisita ndani, bambo a Romani? Ine?" anatero mayi Ansaf, akuwaitana ndi dzina la mwana wawo.

"Wamanjayu aphunzira. Wakhala akudya zaulere zaka makumi asanu ndi limodzi, nthawi yake yakwana."

"Dzanja limenelo? Limene silitha kumanga batani? Limene linanditayira tiyi tsiku lodzandifunsira?"

"Tsiku limenelo linali ndi mantha. Linaona amayi anu."

"Musawatchule amayi anga, ali kwa Mulungu. Idyani."

Kuyambira m'mawa mwake a Sedhom anamanga dzanja lamanzere kumbuyo ndi lamba wakale, kuti lisamalowerere, n'kuyamba kuphunzitsa lamanja. Anayambira pa timipango ta m'thumba. Tsiku loyamba anawotcha tiwiri. Tsiku lachitatu simbi inawapulumuka n'kuswa thailosi pafupi ndi chala chawo chakuphazi. A Haji Abdel Sabur, mnansi wawo wogulitsa madzi a nzimbe, anasuzumira pakhomo n'kuwaona atadzimanga.

"Kodi a Sedhom, akumangani ndani? Ndikaitane apolisi kapena ndi omwewo?"

"Ndikuphunzitsa mwana sukulu, a Haji."

"Mwana ameneyo ndi mbuli. Mkanjo wanga wa Lachisanu asaukhudze, chonde. Ndipemphera wamakwinya, Mulungu amandidziwa kale."

A Sedhom anaseka nawo. M'masiku amenewo ankaseka kwambiri, mwina mopitirira. Ankalankhula za dzanja lokhalokha: lero lawongola mkono wa shati, lero lakana, mawa lichita bwino. Za makina sanatchulepo ngakhale kamodzi. Mayi Ansaf akayamba kufunsa za masiku opita ku Asyut, iwo ankayankha za khola la shati. Madzulo ankawerenga masalimo awo monga mwa chizolowezi, koma akafika kumapeto sankakumbukira chimene awerenga.

Pa tsiku lachisanu ndi chinayi anaona kuti dzanja lija lachangamuka ndithu, ndipo analipatsa ntchito yaulemu: mkanjo woyera umene Abuna Filotaos, wansembe wa tchalitchi chawo, amavala pa Misa. Kutsogolo kunayenda bwino. Atafika pamsana, mkono unatopa, simbi inaima pamalo amodzi kanthawi kochepa chabe, ndipo fungo linawauza zonse asanayang'ane.

Anaupinda mkanjowo n'kupita nawo okha. Anapeza Abuna pabwalo la tchalitchi akukangana ndi munthu wokonza magetsi. Abuna ndi nkhalamba yonenepa, ya ndevu zotuwa, yoyenda mokoka mwendo. A Sedhom anapsompsona dzanja lawo n'kutambasula mkanjo. Pakati pa msana panali chithunzi cha simbi yathunthu, chofiirira, chosongoka bwinobwino.

Abuna anachiyang'ana atapendeketsa mutu.

"Sedhom, mwana wanga, ine pa Misa ndimafulatira anthu maola atatu. Ukufuna mpingo wonse uzilingalira za simbi yako m'malo mwa Ufumu wa Kumwamba?"

"Ndikhululukireni, Abuna."

"Zaka makumi atatu sunandiwotcherepo ngakhale ulusi. Chachitika n'chiyani? Khala apa."

Anakhala pabenchi, ndipo a Sedhom anafotokoza za mikono iwiri ija, za mtsempha, za mpeni, za mtanda. Ankayembekezera kuti wansembe, mwa anthu onse, awayamikira. Abuna anangokanda ndevu.

"Sindikusankhira mkono. Ndi yako yonse. Koma wandiuza za manja kwa theka la ola, ndipo sunandiuze chimene adokotala akuti ukudwala."

"Impso, Abuna. Akuti makina."

"Kangati?"

"Katatu pa sabata. Mpaka..."

Mawu anathera pomwepo. A Sedhom, amene sanalire pamaso pa adokotala kapena pamaso pa akazi awo, analira pabenchi paja ngati mwana, mkanjo wopserera uli pamiyendo. Ananena kuti akuopa singano, akuopa kugona maola anayi akuyang'ana magazi awo akuyenda m'mapaipi, akuopa kuti Ansaf adzatopa nawo, ndiponso kuti anakwiyira Mulungu pang'ono, chifukwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi za tiyi wopanda shuga anaziyesa zokwanira.

"Pang'ono chabe?" anatero Abuna. "Ine bondo langali ndimamukwiyira nalo kwambiri, m'mawa uliwonse. Amamva, sakomoka. Umuuze momwemo, osamuwerengera masalimo ngati ukuwerenga nyuzipepala."

Anawasiya alire mpaka atatha. Kenako anagwira mkono wamanja uja n'kuyang'ana mtandawo.

"Anaudinda ndani wokhotakhota chonchi?"

"Ndinkaphiriphitha, Abuna. Ndinali mwana."

"Ndiye anakugwira ndani?"

"Amayi. Anaupana mkonowu pabondo pawo. Ndinawaluma paphewa, koma sanausiye."

"Ankati chiyani?"

A Sedhom anayang'ana kamtandako. Zinali zaka zambiri asanaganizepo za mawuwo.

"Ankati, 'Pirira, Sedhom, singano imeneyi si mdani wako.'"

Abuna anausiya mkonowo. Anadzuka mobuula, anatenga mkanjo wawo, n'kunena kuti aupereka kwa masisitere asokerepo nsalu, ndipo kufikira nthawi imeneyo aliyense womufunsa adzamutumiza kwa Sedhom Fanous, kuseri kwa msika.

Madzulo amenewo a Sedhom anafunsa akazi awo kuti minibasi yoyamba ya ku Asyut imanyamuka nthawi yanji, ndiponso ngati m'chipinda cha makina amalola munthu kulowa ndi wailesi. Mayi Ansaf anali atafufuza kale zonsezo kwa mkazi wina wa kutchalitchi amene mwamuna wake amapita kumeneko. Anakambirana mpaka tiyi anazizira.

Pa 24 anapita onse awiri. Adokotala Nagwa atafunsa, a Sedhom anatambasula mkono wamanja.

"Mwatsimikiza, amalume?"

"Ayi. Koma dulani msanga ndisanasinthe maganizo. Pempho langa ndi limodzi: posoka, musoke mowongoka. Ine ntchito yokhota ndimaiona ndili kutsidya la msewu."

"Ndiye mwaona kale chovala changachi."

"Ndinachiona tsiku lija. Mudzachitumize, ndi chaulere."

Opaleshoniyo anaipanga iwo ali maso, mkono wokha utachita dzanzi. Sanayang'ane. Anayang'ana kudenga akunena chamumtima zimene Abuna anawauza kuti azinena, zina mwa izo zosayenera kulembedwa pano.

Atamasula bandeji patapita masiku khumi, anapeza kuti mpeni unadya mbali imodzi ya mtanda, ya ku chala chachikulu. Mbali zitatu zinatsala. A Sedhom anaziyang'ana nthawi yaitali, ndipo si zoona kunena kuti sizinawapweteke. Mpaka lero pali m'mawa wina umene amavala malaya a manja aatali ngakhale kukutentha.

Mayi Ansaf anaika chala pachipseracho mosamala, n'kuchichotsa msanga.

"Mayo! Bambo a Romani, muli chinthu m'menemu! Chikunjenjemera!"

"Adokotala anati ziyenera kutero. Ndi magazi akuthamanga. Tsiku limene chidzasiye, ndiye tithamangire kuchipatala."

Mayiwo anaikapo khutu. Anamvetsera kanthawi, maso atatsinzina.

"Chikulira ngati firiji ya a Haji."

"Firiji ya a Haji inafa chaka chatha."

"Ndiye chanuchi n'chabwino kuposa pamenepo. Ndizichimvera m'mawa uliwonse, musadzandikanize."

Makina anayamba mu Januwale. Lachiwiri, Lachinayi ndi Loweruka a Sedhom amakwera minibasi ya m'mawa, amabwerako masana ali ofooka, ndipo amagona osadya. Pakhomo la kachipinda kaja anapachika kapepala kolemba masiku amene amatsegula. Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu chitofu chimayaka, dzanja lamanzere limanyamula simbi yake, lamanja limangoyala nsalu ndi kuloza makasitomala pokhala. A Haji anabweretsanso mkanjo wawo wa Lachisanu, atafunsa kaye kuti usitidwa ndi dzanja liti.